Kumanga Ufumu Papepala: Boma ndi Mbiri ya Dziko Lopeka

Buku la J. R. R. Tolkien lotchedwa The Lord of the Rings, lomwe linatuluka mu 1954 ndi 1955, limatha Aragorn atalongedwa ufumu, ndipo owerenga amangouzidwa kuti analamulira bwino kwa zaka zoposa 100. George R. R. Martin, mlembi wa A Game of Thrones, sanakhutire nazo zimenezi. Iye anafunsa kuti kodi mfumuyo inkakhometsa bwanji msonkho, nanga adani otsala pankhondo inawatani. Aliyense amene akufuna kupeka dziko lakelake, kaya la buku, filimu kapena sewero la pawailesi, ayenera kukhala pansi ndi mafunso otere asanatchule ndi dzina la mfumu yoyamba lomwe.

Poyambira ndi pankhokwe. Mlembi adziwe chimene chimadyetsa likulu, amene amachilima kapena kuchikumba, ndi amene amachisenza kukachitula kwa mfumu. Mu ufumu wa Maravi, njovu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko, ndipo minyanga yotereyi ndiyo inkagula nsalu ndi mikanda kwa amalonda ochokera kugombe. M'buku la Dune la Frank Herbert, la mu 1965, ndale zonse zapendekera pa chinthu chimodzi chopezeka m'chipululu cha Arrakis mokha. Martin naye anasamala pamenepa: m'buku la A Game of Thrones, Ned Stark atangofika kulikulu, anapeza mpando wachifumu uli ndi ngongole ya ndalama zagolide zoposa 6 miliyoni, theka lake kwa banja la Lannister. Wowerenga akangomva chiwerengero chimenecho, wadziwa kale amene mfumu singamudzudzule.

Mapu ajambulidwe nthawi yomweyo, ndipo mlembi awerenge masiku a ulendo. Msewu wa mafumu a Persia, wochokera ku Sardis kukafika ku Susa, unali wa makilomita pafupifupi 2,500. Woyenda wamba ankathera masiku 90, pomwe amithenga osinthana akavalo ankafika masiku khumi asanakwane. Kopanda msewu wotere, nduna yotumidwa kutali imasanduka mfumu payokha, monga zinachitikira mu ufumu wa Maravi ndi Undi chakumadzulo ndi Lundu kuchigwa cha Shire, kutali ndi Kalonga ku Mankhamba.

Kenaka pakubwera funso limene alembi ongoyamba kumene amalilumpha kawirikawiri: ndani angaikanize mfumu? Mfumu yongolamula aliyense n'kugwada imatopetsa pofika tsamba lachitatu, komanso mbiri ya anthu sidziwa mafumu ambiri otero. Mu ufumu wa Oyo, dera lomwe lero lili ku Nigeria, Alaafin, yemwe anali mfumu, anali wolemekezeka kwambiri, koma panali bwalo la nduna zisanu ndi ziwiri lotchedwa Oyo Mesi, lotsogozedwa ndi Bashorun. Bwalo limeneli likamukana, linkamutumizira chikho chopanda kanthu kapena mazira a mbalame ya chinkhwe, ndipo iye ankayenera kudzipha. Dongosololi linkaoneka lotchinga bwino nkhanza, koma linali ndi mpata: nanga Bashorun mwiniwake akalusa, adzamuletsa ndani? Izi zinachitikadi. Bashorun Gaa anagwira dziko kuyambira 1754, nachotsa mafumu angapo motsatizana, kufikira Alaafin Abiodun anamugonjetsa mu 1774. Mlembi wanzeru amachita chimodzimodzi. Amamanga lamulo lotchinga nkhanza, kenaka n'kufufuza munthu amene angalowere pampata wake, ndipo munthu ameneyo ndiye mwini nkhani.

Amaravi anagawa mphamvu mwa njira ina. Ufumu unali wa a Phiri, koma za mvula ndi nthaka zinali m'manja mwa a Banda, ndipo kachisi wa Makewana ku Msinja anali ndi ulemu wake umene mkondo sukanaulanda. Chilala chikagwa m'dziko lotere, wamphamvu ndi uja wopempha mvula. Apa ndi pamenenso matsenga ayenera kupezerwa malo. Ngati m'dzikomo muli anthu oitana mphezi kapena oweta zinjoka zouluka, mlembi anene ngati iwowo ndiwo olamulira, ngati ali antchito a mfumu, kapena ngati amasakidwa. N. K. Jemisin, m'buku la The Fifth Season la mu 2015, anasankha kuti anthu otha kuletsa zivomezi akhale akapolo a boma lomwe limawaopa.

Gawo lofunika kulichedwera ndi la kulowa ufumu, chifukwa nkhondo zambiri zapachiweniweni zimabadwira pamaliro a mfumu. Mu 1120 mwana wamwamuna wa Mfumu Henry I ya ku England anamira panyanja. Bamboyo analumbiritsa nduna zake kuti zidzalonge mwana wake wamkazi, Matilda, koma mfumuyo itamwalira mu 1135, wachibale wake Stephen anathamangira kukatenga mpando, ndipo dziko linasokonezeka mpaka 1153. Martin anatengera pamenepa nkhondo yake yopeka ya Rhaenyra ndi Aegon, olimbirana ufumu. Chochititsa chidwi n'chakuti Stephen anali mwana wa Adela, mlongo wa mfumu. Achewa akanaweruza mlanduwo, mwina akanati wolowa m'malo woyenera ndi iyeyo, mphwake wa malemu.

Mlembi wa Chichewa ali ndi chuma pamenepa chimene mabuku ambiri a mtunduwu sanachigwiritse ntchito. Kumene ufumu umatsata kuchikazi, mwana wobadwa kwa mfumu amakulira pabwalo akudziwa kuti mpando sudzakhala wake, pomwe msuweni wake wa kumudzi kwina akuuyembekezera. Azimayi aakulu a mbumba ndiwo amaloza wolowa, choncho wofuna ufumu amayenera kuwakomera mtima iwowo asanaganize za asilikali. Marlon James anamanga buku lake la Black Leopard, Red Wolf, la mu 2019, pa mkangano wonga womwewu, wa mafumu amene anasiya mwambo wolonga mwana wa mlongo. Njira zina ziliponso. Mehmed III wa ufumu wa Ottoman anaphetsa abale ake aamuna 19 atangolowa ufumu mu 1595. Ku Venice, kuyambira 1268, mtsogoleri ankapezeka pambuyo pa magawo khumi osinthanasinthana maere ndi mavoti, pofuna kuti banja limodzi lisagule chisankho. Aoromo a ku Ethiopia amasintha gulu lolamulira zaka zisanu ndi zitatu zilizonse.

Zikatha izi, mlembi apeze chifukwa chimene anthu amamverera ngakhale msilikali palibe. Kwa Aasante a ku Ghana ndi mpando wagolide, umene ngakhale mfumu yawo siukhalira. Mu 1900 bwanamkubwa wachingelezi Frederick Hodgson anaufuna kuti akhalepo, ndipo Yaa Asantewaa anatsogolera nkhondo. Tolkien ankaidziwa bwino mfundo imeneyi: m'buku lake, ku Gondor adindo analamulira pafupifupi zaka 1,000 atakhala pakampando ka m'munsi mwa makwerero, mpando wachifumu uli pamwamba wopanda munthu.

Mbiri ya dziko ilembedwe pomalizira, ndipo ilembedwe chobwerera m'mbuyo. Ambiri amayamba ndi kulengedwa kwa dziko, n'kundandalika mafumu makumi anayi, mpaka mphamvu kutha nkhani isanayambe. Njira yabwino ndi kuyamba ndi mkangano wa lero n'kufunsa chimene chinaubala, kenaka chimene chinabala chimenecho. Zochitika zazikulu zitatu kapena zinayi n'zokwanira, malinga chilichonse chasiya chipsera chooneka: mudzi wosapereka mtulo chifukwa makolo ake anaolotsa mfumu yothawa, mabanja awiri osakwatirana, chipata chomwe chinatsekedwa ndi njerwa.

Chochitika chilichonse chikhale ndi anthu osachepera awiri ochifotokoza mosiyana. Opambana amati linali pangano, ogonja amati kunali kulanda. M'buku la Fire & Blood la mu 2018, Martin anaika mbiri m'manja mwa katswiri wopeka amene akuyerekeza maumboni otsutsana, wina wa wansembe, wina wa wanthabwala wa kunyumba yachifumu. Wowerenga Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara pambali pa zimene amanena akuluakulu a mafuko osiyanasiyana adzaona kuti mbiri yeniyeni imayendanso motero.

Kuti aone ngati zonsezi zagwirana, mlembi atenge munthu wamba mmodzi, monga mayi wogulitsa mchere kumalire amene msilikali wamulanda mbuzi, n'kumuyendetsa m'dzikolo. Akadandaule kwa yani, atanyamula chiyani m'manja? Akagonja pabwalo loyamba, lachiwiri lili mtunda wa masiku angati, ndipo woweruza wake anaikidwa ndi mfumu, ansembe kapena mbumba? Pamene mlembi wasowa yankho, abwerere kumapu ndi kubwalo la nduna n'kukonza gawo limenelo asanalembe mutu woyamba wa nkhani.