Ngowe ndi chitsulo cha Halligan: zida zofukulira moto wobisala

Malawi a moto akazilala m'nyumba, ozimitsa moto asathamangire kupinda mapayipi. Moto umatsalira pamwamba pa siling'i, pomwe pamadutsa mawaya a magetsi ndi matabwa ouma ochirikiza malata. Umanyeka mwakachetechete ngati chitsa cha m'munda, ndipo galimoto ya ozimitsa moto ikangochoka umabukanso.

Nyumba zambiri za ku America zili ndi makoma a matabwa okhala ndi mpata mkati, ndiye kumeneko amang'amba makoma kawirikawiri pofunafuna moto wobisalawu. Kwathu kuno makoma ambiri ndi a njerwa, choncho maso akhale kudenga, m'mafelemu a zitseko ndi m'zipupa za mabolodi zogawira maofesi.

Chida choyamba ndi ngowe. Aliyense amene anathyolapo mango aizindikira, kungoti iyi mutu wake ndi wachitsulo: nsonga yobowolera kutsogolo, chokowera pambali. Mpini umakhala wa mtengo kapena fiberglass, ndipo ngowe ya mamita awiri imakwana m'nyumba wamba.

Musanabowole, onetsetsani kuti magetsi azimitsidwa, valani chipewa cholimba ndi chida chopumira, ndipo mnzanu aime pafupi ndi payipi yokhala kale ndi madzi. Inu imani chakukhomo, malo omwe mukugwetsa akhale kutsogolo kwanu, kuti zogwazo zisakutsekereni njira. Lasani siling'i ndi nsonga, kowani bolodi, kenako kokani chotsitsa mokankhira kutali ndi thupi lanu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amaima pansi penipeni pa bowolo nkumayang'ana m'mwamba, makala nkuwagwera kumaso. Yambirani pomwe papsa kwambiri, muzing'amba mpaka mutafika pa matabwa osadetsedwa ndi moto. Mukafika pamenepo lekani. Mwini nyumba wataya kale zambiri.

Mudziwa bwanji pong'amba? Penti wotupa kapena wosintha mtundu, utsi wofuka m'ming'alu, kuthetheka komveka mkati, ndi khoma lotentha mukayandikizapo kuseri kwa dzanja. Kamera yoona kutentha imathandiza ngati ilipo, koma siilowa m'malo mobowola nkuona ndi maso.

Chida chachiwiri ndi chitsulo cha Halligan, chomwe anakonza Hugh Halligan, mmodzi wa akuluakulu a ozimitsa moto mumzinda wa New York, mu 1948. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 76. Mbali imodzi chili ndi mphanda, mbali inayo chili ndi kasemasema ndi nsonga. Chimakanula mafelemu ndi matabwa okhomedwa, ndipo chimayenda ndi nkhwangwa yophwatalala kumbuyo, yomwe amachikhomera nayo kuti chilowe pamng'alu.

Mukabwerera kusiteshoni, tsukani zidazi, ziumitseni, mupake mafuta pang'ono pamutu wachitsulo. Ngowe ya mpini wosweka kapena mutu wogwedera isakwerenso galimoto mpaka itakonzedwa.