Kucheza ndi Anthu Polemba Nkhani: Mafunso ndi Mayankho kwa Mtolankhani Wongoyamba

Kabuku aka n'ka inu amene mwangoyamba ntchito yolemba nkhani, kaya m'nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku, kaya m'magazini ya mpingo kapena ya pasukulu, ndipo mkonzi wakutumani kuti mukacheze ndi munthu. Ine ndimakhulupirira kuti nkhani imakoma kapena kuonongeka pa nthawi yochezayo, mlembi asanakhale n'komwe pa kompyuta.

Kodi kucheza kwa mtolankhani kumasiyana bwanji ndi macheza wamba?

Macheza wamba amathera pomwepo. Anuwa mawa akawerengedwa ku Karonga ndi ku Nsanje. Apongozi a munthuyo awerenga, abwana ake awerenganso. Choncho musanafunse kanthu, nenani dzina lanu, nyuzipepala yomwe yakutumani, ndiponso kuti zomwe anene zikasindikizidwa. Kumudzi mfundo imeneyi muibwereze, chifukwa mlendo wonyamula kope ndi cholembera anthu amamuyesa wa bungwe wodzalemba maina a olandira thandizo. Akakuyesani wotero, mayankho onse apendekera ku thandizolo, ndipo simungawadzudzule.

Ndikonzekere bwanji ndisanapite?

Werengani zomwe zinalembedwa kale za munthuyo ndi za nkhaniyo. Ngati mukukafunsa mkulu wa zaulimi za feteleza wotsika mtengo, pitani mukudziwa kuti ndondomeko ya makuponi ya FISP inayamba mu 2005 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo mu 2020 inalowedwa m'malo ndi AIP. Mkuluyo akaona kuti ngakhale izi simukuzidziwa, adziwiratu kuti chilichonse chomwe anene mumeza. Pa nkhani zakale, National Archives ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre zili ndi zambiri zomwe pa intaneti simungazipeze.

Lembani mafunso ochepa chabe, ndipo mudzifunse kuti ndi chinthu chiti chimodzi chomwe simungabwerere ku ofesi musanachimve.

Funso labwino limakhala lotani?

Lalifupi, ndipo limodzi pa nthawi imodzi. Mukalumikiza mafunso atatu m'mpweya umodzi, wochenjera asankhapo lofewa, ena awiriwo n'kuwasiya.

Pewani funso lomwe lanyamula kale yankho lake. Ife tinaleredwa kuti mlendo satsutsidwa pamaso. Mukafunsa mayi pachipatala kuti, "Ndiye kuti mukuvutika kwambiri ndi kusowa kwa mankhwala, eti?" ayankha kuti "Eya, bambo." Mnzanu akabwera masana n'kufunsa kuti, "Zinthu zasinthako tsopano, si choncho?" mayi yemweyo ayankhanso kuti "Eya." Sananame. Wakulemekezani nonse awiri, koma palibe amene wamva zomwe iye akudziwa. M'malo mwake mufunseni kuti: Munafika nthawi yanji? Adokotala anati chiyani? Mankhwalawo munakagula kuti, ndalama zingati? Ndalamazo munazipeza bwanji? Pamenepo mumva kuti anagulitsa nkhuku, ndipo nkhani yanu yayamba kupuma.

Koma funso lofunika kuposa onse si lomwe munalemba kunyumba. Ndi lachiwiri, lomwe limabadwa m'yankho lomwe mwangolimva. Atolankhani ambiri atsopano, munthu akuyankhula, maso amakhala pa kope kufunafuna funso lotsatira, ndipo mawu olemera amawadutsa. Mphunzitsi wamkulu angathe kunena mongodutsa kuti, "Chichokereni denga lija ana a Sitandade 3 amaphunzirira pansi pa mtengo." Inu munabwerera nkhani ya zotsatira za mayeso, koma imani pomwepo. Denga linachoka liti? Munauza ndani? Anati chiyani? Mafunso ang'onoang'ono monga "Kenako?", "Mwachitsanzo?" ndi "Mwadziwa bwanji?" amafukula zambiri kuposa funso lalitali lodzionetsera kuti ndinu ophunzira.

Ndipo musaope chete. Munthu akamaliza kuyankha, dikirani pang'ono musanafunse lina. Nthawi zambiri yankho loyamba ndi lomwe anakonzekera, lenileni limabwera pambuyo pa kachetechete kaja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga ndikapita kumudzi, ndiyambire pati?

Kwa amfumu. Ngakhale nkhaniyo isawakhudze, kulowa m'mudzi osaonekera kwa eni ake kumatseka pakamwa pa anthu. Odirani, khalani pomwe akupatsani, lonjeranani mpaka malonje athe, kenako fotokozani chomwe mwadzera. Kamera ndi foni zikhale kaye m'chikwama. Ngati mukudziwa mfunda wa munthu, mutchuleni nawo: a Phiri, a Nangozo, a Nabanda. Mayi wachikulire amene mwamutchula mfunda wake amamasuka msanga kuposa amene mwangoti "mayi inu".

Komabe pali msampha. Amfumu angakusankhireni anthu oti muyankhule nawo, n'kukhala nawo pomwepo. Mayi sangadandaule za kagawidwe ka chimanga amfumu ali pambali, ndipo sanganene za ndalama za fodya amuna ake akumvetsera. Thokozani amfumu, chezani ndi omwe akupatsani, kenako pemphani mwaulemu kuti muyendeko nokha. Kumjigo, kudimba ndi kuchigayo mumva zomwe pabwalo sizinatuluke.

Samalaninso ndi miyeso. Mlimi akati wakolola ngolo zitatu, funsani ngati n'chimanga chosatonola, ndipo chikatonoledwa chikwana matumba angati a makilogalamu 50. Agogo akati zinachitika kalekale, athandizeni kupeza chaka: inali njala ya 1949 isanafike kapena itadutsa? Inali nthawi ya Kamuzu, kapena referendamu ya 1993 itachitika kale?

Akuluakulu ena amazemba, ena amangoti "tumizani mafunso pa WhatsApp". Nditani?

Chizolowezi chimenechi chafala, ndipo ine sindichikonda ngakhale pang'ono. Mafunso olemba amapha funso lachiwiri lija. Mneneri amakhala ndi tsiku lonse losalaza mawu, n'kukutumizirani ndime yokongola yopanda kanthu. Ngati mukungofuna chiwerengero kapena tsiku, tumizani, palibe vuto. Koma ngati nkhani ndi ya ndalama za boma zomwe zasowa, kapena ntchito yomwe inalipiridwa koma sinagwiridwe, limbikirani kuonana naye kapena kuyankhula pa foni. Akakana, tumizani mafunsowo, nenani tsiku ndi ola lomwe nkhani ipite kosindikiza, ndipo sungani umboni woti munatumiza.

Mukakhala naye maso ndi maso n'kuyamba kuzungulira, mulekeni amalize, kenako mubwezereni funso lomwelo osakweza mawu: "Zikomo bwana, koma ndimafunsa kuti ndalamazo zinatuluka liti." Mu Meyi 1997 Jeremy Paxman wa BBC anafunsa Michael Howard, yemwe anali atangochoka pa unduna wa zam'dziko ku Britain, funso limodzi maulendo oposa 10 motsatizana. Yankho lolunjika silinabwere, koma aliyense anaona yekha kuti munthuyo akuzemba. M'nyuzipepala mungachite chimodzimodzi polemba mosapsa mtima kuti anafunsidwa katatu ndipo sanayankhe.

Musachite manyazi kufinya munthu wa udindo. Ali ndi mneneri, ali ndi loya, ndipo amalipidwa ndi misonkho ya owerenga anu. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa atolankhani, gawo 37 limapereka ufulu wopeza zomwe boma likusunga. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe pempho, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe limayang'anira lamuloli.

Munthu akakaniratu kucheza nanu, nkhani sinafe. Mu 1966 magazini ya Esquire ku America inasindikiza nkhani ya Gay Talese yofotokoza woimba Frank Sinatra, yomwe mpaka lero imaphunzitsidwa m'sukulu za utolankhani. Sinatra sanalole kucheza naye. Talese anangomuonerera, n'kumacheza ndi anthu omuzungulira.

Ndijambule mawu pa foni kapena ndilembe m'kope?

Zonse ziwiri, koma pemphani kaye musanajambule. Foni imatha moto ndipo mphepo imaononga mawu. Kope limasunganso zomwe foni singamve, monga manja a munthu ndi zomwe zapachikidwa pakhoma. Dzina alilembe yekha m'kope mwanu, kapena muonere pa chitupa cha unzika. Chirwa ndi Chilwa ndi anthu awiri, ndipo munthu amene mwalakwitsa dzina lake sakhulupiriranso china chilichonse m'nkhaniyo.

Munthu akati "izi musalembe"?

Mugwirizane asananene, osati atanena kale. Funsani kuti akutanthauza chiyani: musalembe n'komwe, kapena mulembe koma osatchula dzina? Mukalonjeza, sungani lonjezolo ngakhale zitavuta, chifukwa kalaliki amene wakuululirani zachinyengo angachotsedwe ntchito. Zomwe wakuuzani mseri zitsimikizeni kwa anthu ena kapena m'zikalata. Wandale wozolowera amene wanena poyera kenako n'kufuna kubweza, simukakamizidwa kumumvera. Koma munthu wamba amene sanayankhulepo ndi mtolankhani, ine ndimati mumvereni chifundo.

Kodi ndingakonze mawu a munthu kuti amveke bwino?

Mungachotse "eee" ndi kubwerezabwereza. Kupitirira apo ayi. Mawu a munthu ali ngati khasu lobwereka, limabwezedwa ndi mpini wake womwewo. Chomwe chili m'zizindikiro za mawu ogwidwa chikhale chomwe chinatuluka pakamwa pake. Ngati simunagwire bwino, fotokozani m'mawu anu popanda zizindikirozo.

Kuno vutoli limakula chifukwa anthu ambiri timacheza nawo m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, nkhani n'kutuluka m'Chingerezi. Pamenepo mlimi amasanduka woyankhula ngati lipoti la bungwe. Masulirani zomwe ananena, osati zomwe mukuganiza kuti anayenera kunena. Olemba mu Tamvani, Msangulutso, Tikambe, Fuko kapena Mkwaso ali ndi mwayi woti owerenga amve munthu m'mawu ake enieni, choncho asawasalaze mpaka kutha mchere.

Kupeka mawu kapena munthu ndiye kutha kwa ntchito. Mu 1980 Janet Cooke analemba mu Washington Post za mwana wa zaka 8 wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Nkhaniyo inapata mphoto ya Pulitzer mu 1981, koma zitadziwika kuti mwanayo kunalibe, mphotoyo inabwezedwa ndipo iye anasiya ntchito.

Nanga anthu amene aonekeredwa zovuta?

Apa m'pamene mtolankhani amayenera kufewa. Namondwe wa Freddy atagumula matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Malichi 2023, panali anthu amene anataya banja lonse usiku umodzi. Munthu wotero samufunsa kuti "Mukumva bwanji?" Pepesani kaye monga timachitira pamaliro, khalani pansi, funsani ngati angathe kuyankhula. Akakana, thokozani n'kuchoka. Akalola, mulekeni ayambire pomwe akufuna, ndipo akalira dikirani. Mufunseni za omwe atisiyawo: anali ndani, ankakonda chiyani. Ambiri amafuna kuti abale awo akumbukiridwe ndi maina, osati ngati chiwerengero.

John Hersey anachita zotere ku Hiroshima. Anacheza modekha ndi opulumuka bomba la atomiki, n'kulemba za anthu 6 okha, ndipo magazini ya The New Yorker inapereka kope lonse la pa 31 Ogasiti 1946 ku nkhani imodziyo.

Mwana, kutanthauza aliyense wosakwana zaka 18, chezani naye kholo kapena womuyang'anira atavomera. Musatchule dzina, sukulu kapena mudzi wa mwana wogwiriridwa kapena amene ali pa mlandu, ndipo chithunzi chake chisatuluke. Musaulule kuti munthu ali ndi HIV iye asanalole. Ngakhale atalola, mufunseninso ngati waganizira zomwe zingachitike kwawo nkhaniyo ikatuluka.

Akandipatsa chipondamthengo ndilandire?

Ndikudziwa kuti malipiro a atolankhani ambiri ndi ochepa, ndipo ena amatumidwa kutali opanda ya thiransipoti. Komabe envulopu ya munthu amene mukumufunsa imagula funso lachiwiri lija. Mukailandira, pakamwa pamalemera. Nsima ya kumudzi idyani, kukana n'chipongwe, koma ndalama ikanidwe mwaulemu. Inunso musalipire munthu kuti ayankhule, chifukwa wolipidwa amawonjezera nkhani kuti ikwane mtengo wake. Eni nyuzipepala nawo ali ndi mbali yawo: mtolankhani azipita ndi ndalama ya ulendo yochokera ku ofesi.

Akapempha kuona nkhani isanatuluke?

Nkhani yonse ayi, chifukwa ayamba kufufuta zomwe sizikumukomera. Koma mungamuimbire n'kumuwerengera mawu ake omwe mwagwira, ziwerengero ndi maudindo, makamaka pa nkhani za zaumoyo, zachuma ndi zamalamulo pomwe kulakwitsa n'kosavuta. Musanasiyane naye, funsani ngati pali china chomwe simunafunse, ndi ndaninso angadziwe za nkhaniyi, ndipo tengani nambala yoti mumupezere madzulo mukamalemba. Aliyense amene wanenedwa zoipa m'machezawo ayenera kupatsidwa mpata woyankhapo nkhani isanasindikizidwe. Cholakwika chikatulukabe, uzani mkonzi tsiku lomwelo kuti chikonzedwe m'kope lotsatira. Wodandaula amene sanakhutire ali ndi ufulu wopita ku Media Council of Malawi kapena kukhoti.