Ubongo: Chimene Banja Lililonse kwa Maganga Liyenera Kudziwa

Ubongo wa munthu wamkulu kawirikawiri supitirira kilogalamu imodzi ndi theka, koma pa mphamvu zonse zimene thupi limapeza m'chakudya, gawo limodzi mwa magawo asanu limathera komweko. Uli ndi zigawo, chilichonse ndi ntchito yake. Mukazidziwa, mudzatha kuona msanga kuti wodwala wanu wakhudzidwa m'mutu.

Chigawo chachikulu chadzaza pafupifupi chigaza chonse. Kutsogolo kwake, kuseri kwa chipumi, ndiko kumachokera kulingalira za mawa ndi kudziletsa. Mbali imeneyi imakhwima mochedwa, munthu atapitirira zaka 20, n'chifukwa chake mnyamata wa kabaza amatha kuthamanga ngati alibe kwawo. Cha m'makutu muli kumva ndi kukumbukira. Kuona kuli kumbuyo kwenikweni, ngakhale maso ali kutsogolo.

Chigawo chachikuluchi n'chogawika pawiri, ndipo mbali ziwirizi zimagwira ntchito mopingasa: yakumanzere imalamulira dzanja ndi mwendo wamanja, yakumanja imalamulira zakumanzere. Kwa anthu ambiri kulankhula kuli kumanzere. Tsono agogo akadzuka m'mawa dzanja lamanja litalefuka, kamwa litakhota, mawu osamveka, musayambe kufunsana kuti wawalodza ndani. Mtsempha wa magazi watsekeka kapena waphulika mu ubongo, ndipo imeneyi ndi sitiroko. Kawirikawiri gwero lake ndi BP yomwe sinayezedwe. Pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Kunkhongo kuli kaubongo kakang'ono kamene kamasunga thupi kuti lisapendekeke. Msodzi woimirira m'bwato pa Senga Bay, mwera ukuwomba, iye n'kumakoka chilimira osagwa, akudalira kameneka. Kachasu amakasokoneza komweko, munthu n'kuyamba kudzandira. Wamowa asalowe panyanja.

Pansi penipeni pali tsinde lolumikiza ubongo ndi msana. Tsindeli limayendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima, tili maso kapena tili m'tulo. Apa tichedwepo, chifukwa m'pamene malungo amaphera ana athu.

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza malungo a mu ubongo m'zaka za m'ma 1980. Mu 2015 Dr. Karl Seydel ndi anzake anafalitsa zimene anaona atajambula ubongo wa ana 168 ndi makina a MRI. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Chigaza sichitambasuka. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, umakankhira pansi n'kupanikiza tsinde lija, mwana n'kusiya kupuma.

Choncho mwana akatentha thupi, kamuyezetseni magazi tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chapafupi, ndipo akapatsidwa mankhwala a malungo a LA amalize onse. Koma akayamba linjirinjiri, akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akamagona osadzuka ngakhale mumutsine, musadikire kuti kuche. Ameneyo ndi wa jakisoni, wopita ku chipatala chachikulu cha Salima. Amene wachira muzimuyang'anirabe, popeza ena amatsala ndi khunyu, vuto la kulankhula kapena kuvutika m'kalasi. Za neti ya udzudzu tinene mosabisa: yogawidwa kuti mwana agonemo si yokokera usipa, si yotchingira dimba.

Khunyu nalonso ndi nthenda ya ubongo, ndipo silipatsirana kudzera m'malovu kapena pomugwira wodwala. Akagwa, chotsani moto ndi zinthu zakuthwa, muikireni chitenje chopinda pansi pa mutu, kugwedezeka kukatha mumugoneke cham'mbali. Musamulowetse supuni kapena chala m'kamwa. Mankhwala ake alipo kuchipatala ndipo amamwedwa tsiku lililonse. Wodwala khunyu asapite yekha kukasamba kapena kukatunga madzi kunyanja.

Ubongo umakula mofulumira kuyambira pathupi mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mayi woyembekezera adye usipa, mazira ndi masamba, ndipo mchere wa pakhomo ukhale wa ayodini. Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi, sinjani usipa wouma, mutu ndi minga zomwe, musefe, muthire supuni imodzi m'phala lake.