Chisudzulo ndi Kholo Lokalamba ku Iran: Udindo Ndi wa Yani?

Banja la ku Iran likayamba kugwedezeka pamene m'nyumba muli kholo lodwala, achibale amafulumira kuphatikiza nkhani ziwiri. Ena amati mkazi akuthawa kudwazika apongozi ake, ena amati mwamuna wasankha bambo ake n'kutaya mkazi ndi mwana. Filimu ya Asghar Farhadi ya mu 2011, A Separation, imene inapata mphoto ya Oscar mu 2012, inaonetsa banja la ku Tehran litapanikizika chotere chifukwa cha gogo wodwala matenda oiwalaiwala a Alzheimer. Koma malamulo a dzikolo amazisiyanitsa nkhani ziwirizi, ndipo ndikuona kuti wodziwa kusiyana kwake amapewa kusenza mlandu umene si wake.

Tiyambe ndi kholo. Buku la malamulo a pakati pa anthu la Iran, m'ndime 1196, limanena kuti udindo wopereka chithandizo chotchedwa nafaqeh uli pakati pa makolo ndi ana a magazi amodzi okha. Ndime 1200 imauika pa ana ndi adzukulu, kuyambira amene ali pafupi kwambiri, ndipo simapatula ana aakazi. Kholo limayenera kulandira ngati ndi losauka ndipo silingathe kudzipezera, ndipo mwana amakakamizidwa ngati angathe kupereka osadzigwetsa yekha m'mavuto. Chithandizocho ndi pokhala, zovala, chakudya ndi katundu wa m'nyumba. Kholo likhoza kusumira ana ake kukhoti, koma lingafunse za mtsogolo zokha, pamene mkazi wokwatiwa amatha kufunsa ngakhale za miyezi imene inadutsa. Mpongozi wamkazi mulibemo m'ndime zonsezi. Amene kawirikawiri amaphikira nkhalambayo, kuisambitsa ndi kuchezera nayo usiku ndiye amene lamulo silinamupatse udindowo. Dziwaninso kuti kalata imene kholo linapatsa mwana mphamvu zoyendetsera chuma chake imatha ntchito mutu wa khololo ukasokonekera. Zikatero, khoti ndilo limasankha woyang'anira, ndipo banja lochedwa kupita kumeneko limadzakangana pa nyumba ndi ndalama za kubanki.

Pa chisudzulo mpamene sikelo imapendekera mbali imodzi. Ndime 1133 imalola mwamuna kusudzula mkazi wake popanda kupereka chifukwa, bola adzere kukhoti n'kulipira zimene mkaziyo akuyenera kulandira. Mkazi njira zake n'zopapatiza. Akhoza kudandaula pa ndime 1129 ngati mwamuna sakumuthandiza, kapena pa ndime 1130 ngati kukhalabe pabanjapo kwasanduka chizunzo chosapiririka. Zitsanzo zimene zinawonjezeredwa mu 2002 ndi monga mwamuna kuchoka pakhomo miyezi 6 yotsatizana popanda chifukwa, kumwerekera ndi mankhwala ozunguza bongo kapena mowa, kugamulidwa kukakhala kundende zaka 5 kapena kuposerapo, kumenya mkazi, ndi matenda ovuta kuchiza amene asokoneza banja. Kutopa ndi kudwazika apongozi sikunatchulidwe, ngakhale woweruza ali ndi mphamvu yoona zifukwa zina. Njira ina ndi khol', pamene mkazi amapereka chuma kwa mwamuna kuti amumasule, ndipo nthawi zambiri chumacho chimakhala mehrieh, mphatso imene mwamuna analonjeza pa tsiku la ukwati. Choncho mayi amene wadwazika apongozi ake zaka zambiri akhoza kutuluka m'banjamo chimanjamanja.

Kayendetsedwe ka mlandu kali m'Lamulo Loteteza Banja la mu 2013. Onse awiri akagwirizana zosiyana, khoti la za mabanja limayamba lawatumiza kwa alangizi. Akapanda kugwirizana, aliyense amasankha mkhalapakati mwa abale ake okwatira kapena okwatiwa a zaka zosachepera 30, ntchito yofanana ndi ya ankhoswe kwathu kuno. Kuyanjanitsa kukakanika pa chisudzulo chogwirizana kapena chopemphedwa ndi mwamuna, khoti limapereka chikalata chotsimikiza kuti awiriwa sangakhalenso pamodzi, ndipo chiyenera kufika ku ofesi yolembera maukwati ndi zisudzulo pasanathe miyezi 3, apo ayi chimatha mphamvu. Za ana, ndime 1169 ya buku la malamulo a pakati pa anthu lija imati mayi ndiye woyamba kulera mpaka mwana atakwanitsa zaka 7, kenako bambo, ndipo akakangana khoti limaona chokomera mwanayo. Mayi akakwatiwanso akhoza kutaya ufulu umenewu.

Apa mpamene ndikuona kuti nkhani yaikulu imagamulidwa tsiku lomanga ukwati. Ndime 1119 imalola awiriwo kuikamo mfundo zawo m'kalata ya ukwati, ndipo kalata yosindikizidwa ndi boma ili kale ndi mfundo 12 zopatsa mkazi mphamvu yopempha chisudzulo, komanso ina yoti mwamuna akasudzula mkazi wosalakwa amugawire mpaka theka la chuma chimene anapeza ali pabanja. Mfundozi zimagwira ntchito pokhapokha zitasainidwa. Mkazi akhoza kuwonjezera ufulu wosankha kokhala, wogwira ntchito, ndi wotuluka m'dziko, popeza mkazi wokwatiwa sapatsidwa pasipoti popanda chilolezo cholembedwa cha mwamuna wake. Ufulu wosankha kokhala ndi umene umadzamuteteza pamene banja lagamula kuti asamukire kwa apongozi popanda kumufunsa.

Ena adzati kuwerenga ndime za malamulo pa nkhani ya gogo wodwala n'kuuma mtima, chifukwa Chisilamu ndi mwambo wa ku Iran zimalemekeza makolo kwambiri, ndipo kupititsa kholo ku nyumba zosungirako okalamba, monga ya Kahrizak kum'mwera kwa Tehran, ambiri amakuona ngati chamanyazi. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo sindikuutsutsa. Koma chikondi chimene sichinena kuti usiku uno adwazika ndani, ndalama ya mankhwala apereka ndani, chimagwera pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo akatopa banja limasweka, gogoyo n'kutsala wopanda womusamala. Kalembera wa mu 2016 anapeza kuti anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo anali oposa 9 pa 100 alionse, pamene mabanja a masiku ano akubereka ana ochepa. Ana oti agawane ntchitoyi akucheperachepera.

Amuna nawonso ali ndi dandaulo lomveka: mehrieh yolonjezedwa m'ndalama zagolide za Bahar Azadi yatsekeretsa ambiri m'ndende mtengo wa golide utakwera, ndipo n'chifukwa chake lamulo la mu 2013 linaika malire a ndalama zagolide 110, zotsalazo n'kumadalira kupeza kwa mwamunayo. Mwamuna wolipira ngongole yotere uku akudwazika bambo ake amapanikizikadi. Komabe mehrieh imakula chifukwa ndi chokhacho chimene mkazi amagwira m'manja pokambirana, ndipo mkazi amene ali ndi ufulu wa chisudzulo m'kalata yake sasowa kulonjezedwa golide wochuluka. Pa za kholo, ana onse, aamuna ndi aakazi, akhale pansi matenda asanakule, alembe gawo la aliyense, ndipo ngati mpongozi wavomera kudwazika, alembenso malipiro ake ndi masiku ake opuma.