Mmene Ng'oma ya Magetsi Imalirira

M'matauni a migodi a chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, monga Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane, kumene Amalawi ambiri ankagwira ntchito yokumba miyala ya mtengo wapatali, mumamveka ng'oma za mitundu iwiri: yachikopa, imene imaimbidwa pa Gule Wamkulu m'makomboni, ndi yamagetsi, imene achinyamata amapangira nyimbo za Zimdancehall pa kompyuta.

Chikopa chikamenyedwa chimanjenjemera n'kugwedeza mpweya, ndipo chikamanjenjemera mofulumira mawu amakwera, pamene chikamanjenjemera pang'onopang'ono mawu amatsika. N'chifukwa chake woimba amawamba ng'oma pamoto kuti ikungike, kapena kumata phula pakati kuti ilire mozama. Pa ng'oma yamagetsi chimene chimanjenjemera ndi sipika, ndipo ntchito ya moto ndi phula imagwiridwa ndi mabatani.

Mawu a ng'oma yamagetsi amapangidwa m'njira ziwiri. Makina ena, monga Roland TR-808 amene anatuluka ku Japan mu 1980, amapanga kulira kwa ng'oma ndi mphamvu ya magetsi yokha, pamene ena amagwiritsa ntchito sample, kutanthauza kachidutswa ka mawu kojambulidwa ku ng'oma yeniyeni, kamene kompyuta imakayeza, kawirikawiri maulendo 44,100 pa sekondi imodzi, n'kukasunga ngati manambala. Mu pulogalamu ya FL Studio ng'oma iliyonse imakhala ndi mzere wa timabokosi 16, ndipo wokonza nyimbo akadina bokosi 1, 5, 9 ndi 13, ng'omayo imagunda kanayi motalikirana mofanana, n'kumabwereza osatopa.

Mawu oterewa amamveka ouma, motero amakometsedwa. Reverb imatsanzira mawu amene amagunda makoma n'kubwerera, kotero kuti ng'oma yojambulidwa m'kachipinda imamveka ngati ikulira muholo yaikulu. Delay imabwereza kugunda kumodzi kangapo mozilala. EQ imawonjezera kapena kuchepetsa besi. Ongoyamba kumene amakonda kuchulutsa reverb mpaka ng'oma yaikulu imasowa mphamvu.

Vuto lalikulu, komabe, ndi kulondola kwa makinawo. Woimba mbalule, ng'oma yotsogolera gule, amayang'ana mapazi a chilombo n'kumafulumira kapena kuchedwerapo motsatira mavinidwe, pamene kompyuta imagunda pa nthawi yake yeniyeni. Pofuna kuti nyimbo ivinike, akatswiri amasuntha dala kugunda kwina kuti kuchedwe pang'ono, komanso amasiyanitsa mphamvu yake kuti kwina kumveke kolimba, kwina kofewa.