Nambala yosunga ndi nambala yowerengera

Aphwanga amene mwangoyamba kumanga ma database, pali funso limene muzikumana nalo pa tebulo lililonse: kodi nambala iyi ikhale ndi kolamu yakeyake, kapena kompyuta iziiwerengera nthawi iliyonse ikafunika? Ine ndinalakwitsapo mbali zonse ziwiri, ndipo amene anavutika ndi anthu amene anandikhulupirira.

Poyamba ndinkasunga chilichonse. Ndinalembera pulogalamu gulu lina losunga ndi kubwereketsa ndalama. Munali tebulo la ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo pa tebulo la mamembala ndinaikapo kolamu ya balansi, yomwe pulogalamuyo inkaisintha munthu akasungitsa kapena akatapa. Zinkaoneka bwino, koma chinali chikomekome cha mkuyu. Tsiku lina kalaliki analemba K50,000 m'malo mwa K5,000, ndipo atazindikira anakonza mzere umenewo m'tebulo la ndalama. Balansi sinasinthe, chifukwa palibe chimene chinaiuza kuti isinthe. Pofika nthawi yogawana kumapeto kwa chaka, kompyuta imodzi inali ndi mayankho awiri pa funso limodzi, ndipo mayi wina anapatsidwa nambala yosiyana ndi ya m'kabuku kake. Anthu sanaloze chala kompyuta. Analoza msungichuma, mayi wachilungamo amene sanatengepo ngakhale tambala. Zinanditengera masabata awiri kuti ndipeze pomwe panalakwika, koma dzina la munthu likaipa kwawo silitsukika m'masabata awiri.

Vutoli linadziwika kale ife tisanabadwe pa ntchitoyi. Edgar Codd, amene ankagwira ntchito ku IBM, anafalitsa mu 1970 maganizo amene ma database a matebulo aimapo mpaka lero, ndipo chimodzi mwa zimene ankalimbana nazo chinali chomwechi: mfundo imodzi ikalembedwa malo awiri, tsiku lina malo awiriwo adzatsutsana. N'chifukwa chake simuyenera kusunga zaka za mwana wasukulu kapena za wodwala. Sungani tsiku lobadwa. Zaka zimasintha zokha munthu ali mtulo, pomwe kolamu yanu idzakhalabe ikunena 12 mwanayo atakwanitsa 15. Chimodzimodzi avareji ya malikisi, masiku amene ngongole yapitirira, kapena chiwerengero cha ana m'kalasi. Zonsezi ziwerengedwe pomwe zafunsidwa.

Nditapsa apa ndinathawira mbali ina, n'kupitirira malire. Ndinalumbira kuti sindidzasunganso nambala iliyonse imene ingathe kuwerengedwa. Pomanga pulogalamu ya sitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba, ndinachita chimene ndinkaona ngati ukhondo: pa lisiti ndinkasungapo dzina la katundu ndi kuchuluka kwake basi, ndipo mtengo unkachokera ku tebulo la mitengo. Matumba 20 a simenti kuchulukitsa ndi mtengo wa thumba, nkhani yatha. Zinayenda bwino mpaka mu Novembala 2023, pomwe kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mwini sitolo anakweza mitengo, monga anachitira aliyense. M'mawa mwake malisiti onse akale anasintha. Bambo wina amene anatenga simenti ndi malata pa ngongole mu Seputembala anabwera kudzamaliza kulipira, n'kupeza kuti ngongole yake yakula yokha. Malipoti a malonda a miyezi yapita nawonso ankaonetsa ndalama zimene sizinalowepo m'sitolomo.

Apa ndipo ndinamvetsa chimene ndikufuna mutenge. Mtengo wa thumba la simenti pa tsiku logula si nambala yowerengera ayi. Ndi chinthu chimene chinachitika. Anthu awiri anagwirizana, wina anapereka katundu, wina analonjeza ndalama, ndipo mawa silingasinthe zimenezo. Mtengo wa lero ndi mtengo wa tsiku lija ndi mfundo ziwiri zosiyana, ngakhale pa tsikulo zinali nambala imodzi. Kuzisunga zonse si kubwereza. Ndiye pa mzere uliwonse wa lisiti sungani mtengo wa tsikulo, kuchotsera kumene wogula anapatsidwa, ndi mlingo wa VAT umene unagwira ntchito, umene nthawi imeneyo unali 16.5 peresenti. Ngati panalowa ndalama yakunja, sungani mtengo umene munasinthira. Ine ndimasunganso ndalama zonse za pansi pa lisiti, ngakhale zingathe kuwerengedwa, chifukwa pepala linatuluka, wogula ali nalo m'thumba, ndipo a MRA akabwera adzafuna kuona chimene munapereka tsikulo. Mukadzasintha kawerengedwe ka matambala otsalira chaka chamawa, lisiti la chaka chino lisadzasunthe. Ndipo poti tatchula matambala, ndalama muziisunga mu DECIMAL kapena NUMERIC, osati FLOAT, imene imalephera kusunga ngakhale 0.1 ndendende.

Choncho musanaike kolamu, dzifunseni kuti: zimene zabala nambala iyi zikasintha mawa, kodi iyo iyenera kusintha nazo? Ngati inde, iwerengereni. Ngati ayi, isungeni, ndipo musadzaikhudzenso.

Chimene chimakokera ambiri a inu ku kusunga ndi mantha oti pulogalamu idzachedwa. Yesani kaye musanaope. SUM pa mizere masauzande ochepa, pa tebulo lokhala ndi index yoyenera, imatha musanaphethire. Ma database ambiri amene mudzamange a sukulu, chipatala chaching'ono kapena sitolo sadzafika pomwe kuwerengera kungakhale mtolo. Ndaonapo anthu akusokoneza tebulo labwinobwino pothawa kuchedwa kumene sanakuonepo.

Kuchedwako kukakhala kwenikweni, ntchito yosunga musaigwire ndi manja ngati database ingaigwire yokha. MySQL kuyambira 5.7 ili ndi generated column, imene mungasankhe kuti ikhale VIRTUAL kapena STORED. PostgreSQL inabweretsa yake mu 2019 ndi mtundu wa 12, ndipo ku SQL Server mumalemba PERSISTED. Ubwino wake ndi woti palibe kalaliki kapena pulogalamu imene ingalembemo nambala yakeyake. Malire ake ndi oti imaona mzere wake wokha, choncho singakuwerengereni balansi yochokera ku tebulo lina. Pa malipoti olemera pali materialized view, koma ku PostgreSQL imakhala ndi nambala zakale mpaka mutailamula REFRESH. Lembani pa lipotilo nthawi imene linawerengedwa, kuti bwana asagamule nkhani ya lero ndi nambala za dzulo osadziwa.

Nanga balansi ija? Ndikanaimanga lero, mwina ndikanaisungabe, chifukwa akaunti ya zaka zambiri imafunsidwa kawirikawiri. Koma ikanakhala ndi khomo limodzi lokha. Kulemba mzere wa ndalama ndi kusintha balansi zikanachitika mu transaction imodzi, kuti magetsi akathima pakati, zonse zilowe kapena zonse zilephere. Mzere wolakwika sukanafufutidwa kapena kukonzedwa. Kalaliki akanalemba mzere wina wobweza K50,000 ija, kenako n'kulemba K5,000 yoyenera, monga amachitira akauntanti m'mabuku awo. Ndipo usiku uliwonse kaquery kakang'ono kakanaphatikiza mizere ya membala aliyense, kuyerekeza ndi balansi yosungidwa, n'kunditumizira uthenga pa foni pakasiyana ngakhale tambala imodzi. Kaquery kameneko n'kamizere yosakwana khumi. Ndikanakalemba chaka chija, kusiyanako ndikanakuona m'mawa wa tsiku lotsatira, miyezi isanu ndi iwiri mamembala asanakhale pansi kuti agawane.