Musanadzale mtengo m'mbali mwa msewu, yendani kaye m'mudzi

Amalume anga adazika nthambi ya kachere mapazi atatu okha kuchokera pakhonde. Kachere savuta kugwira, ndipo zaka zoyamba aliyense wodutsa ankapatuka kudzapuma pamthunzipo. Patatha zaka 12, simenti ya pakhonde idatukumuka ngati mzere wa mbatata zokhwima, chitseko chidayamba kukana kutsekeka, ndipo mwini wake yemweyo adanola nkhwangwa. Kachere ndi mtengo wa pabwalo, pomwe mfumu imakhala ndi anthu ake poweruza milandu. Amalume adaupatsa malo oyenera papaya.

Amene adafikako ku Lusaka mwezi wa September kapena October amakumbukira misewu yakale itakutidwa ndi maluwa a jakaranda. Likulu lidasamukira kumeneko kuchokera ku Livingstone mu 1935, ndipo okonza mzindawo adafuna misewu yotakata ya mitengo mbali zonse. Ku Zomba, komwe kudali likulu la Malawi mpaka 1975, mlendo amalandiridwa ndi mibawa ikuluikulu. Mutadula mitengo imeneyi, nyumba n'kutsala zomwezo, eni mzinda angasokere kwawo komwe. Kuno kwa Pembamoyo sitili mumzinda, koma nyumba za malata ndi magolosale zikunka zindandalikana m'mbali mwa msewu, ndipo zomwe tidzale chaka chino ndi zomwe adzukulu adzatidziwire nazo.

Choncho musanapite kukafuna mbande, yendani m'mudzi mwanu madzulo amodzi. Onani mitengo yomwe yakalamba bwino popanda woithirira: mango a pamabwinja, mkuyu wa kumtsinje, masuku a m'mbali mwa phiri, msangu wa m'munda, msolo ndi muwanga za kumanda zomwe nkhwangwa siziyandikira. Imeneyo yakuuzani kale zomwe dothi lanu limalola. Ine sindidana ndi jakaranda, koma kwawo ndi ku South America, ndipo ku South Africa adamuika m'gulu la zomera zolowerera malo a mitengo yachilengedwe. Mwana wa sukulu wodutsa pamsewu wathu masana a November angasankhe mango.

Mukasankha mtengo, uyezeni utakula, osati uli m'chubu. Mbawa, kachere ndi mkuyu zifuna mamita 15 kapena kuposa kuchokera pakhoma la nyumba, pachimbudzi ndi pachitsime. Mango apatseni mamita 8 mpaka 10. Bulugamu ndi wa kumalire a munda wa mitengo, kutali ndi mjigo ndi dimba, chifukwa amamwa madzi osaleka ndipo pansi pake sipamera kanthu kolozeka. Mvunguti ndi wokongola, koma chipatso chake chimalemera makilo angapo. Musauike pomwe ana amasewera kapena pomwe amayi amayala tomato. Kenaka yang'anani kumwamba. Pansi pa mawaya a ZESCO pafunika mitengo yaifupi monga gwafa kapena mandimu, apo ayi mtengo wanu udzadulidwa mutu usanapereke n'komwe mthunzi.

Malo a m'mbali mwa msewu si anu nokha. Kaonaneni ndi anyakwawa, ndipo ngati ndi msewu waukulu funsani kukhonsolo pomwe malire ake athera. Siyani ngalande ya madzi a mvula, siyaninso malo oti ngolo ikhote. Mukagwirizana ndi oyandikana nawo kuti nonse mudzale mtundu umodzi motalikirana mofanana, msewu umaoneka kuti uli ndi eni ake. Komabe pamzere wautali ndi bwino kusakaniza mitundu iwiri, kuti matenda akagwira wina, wina atsale.

Za mbewu ndiye pali tinthu tomwe anthu ambiri amaphonya. Njere za mbawa sizichedwa kufa. Tolani zongogwa kumene n'kufesa msanga. Za msangu zili ndi chikopa cholimba: palani pang'ono m'mphepete ndi chowengera zala, muviike m'madzi usiku umodzi, ndipo mbande zake musazisunge nthawi yaitali m'machubu chifukwa muzu wake wapakati umathamangira pansi. Masuku ndi amwano kwambiri. Fesani njere za zipatso zongodyedwa kumene, ndipo dothi la m'chubu mulisakanize ndi lochokera pansi pa msuku waukulu, pakuti mizu yake imadalira timafangasi tokhala m'dothi limenelo. Kachere ndi mlombwa zimagwira mukazika nthambi yonenepa ngati mkono, mvula itayandikira. Zikakuvutani, a ofesi ya zankhalango kuboma angakuuzeni komwe kuli nazale.

Dzenje kumbani mvula isanayambe, masentimita 60 mulifupi ndi 60 kuya. Dothi lapamwamba ikani mbali ina, lapansi mbali ina. Lapamwambalo lisakanizeni ndi chidebe chimodzi cha manyowa owola bwino a m'khola, ndipo ndi limene liyambe kubwerera m'dzenje. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndiponso amaitana chiswe. Dzalani mvula itakhazikika, kuyambira pakati pa December mpaka January, madzulo kapena tsiku la mitambo. Ng'ambani chubu, musadzale nacho. Mbande ikhale pa msinkhu womwe idali m'chubumo, tsenderani dothi ndi phazi, muumbe kambale kosunga madzi. Udzu wouma muyale mozungulira koma usakhudze tsinde, ndipo kaphulusa pang'ono pamwamba kamathandiza kuchedwetsa chiswe.

Kudzala n'kwa tsiku limodzi. Ntchito yeniyeni imayamba tikakolola, ziweto zikamasulidwa. Mbuzi imodzi imatha mbande 20 inu muli kumaliro. Mpanda wa kamtengo kalikonse umangidwe tsiku lomwelo lodzala: nsungwi zolukidwa, nthambi za minga za mthethe, kapena njerwa zosanja motalikirana kuti mphepo idutse, kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Mwezi wa June lambulani udzu mozungulira, moto wa osaka mbewa usanafike.

Zaka ziwiri zoyamba, kuyambira August mpaka mvula itagwa, kamtengo kalikonse kafuna chidebe cha malita 20 pa sabata. Thirani kamodzi mokwanira kusiyana ndi kudontheza tsiku lililonse, kuti mizu itsike pansi. Madzi otsukira ndiwo ndi otsukuluzira mbale ndi abwino, bola asakhale a sopo wambiri. Ndiye werengani zidebe zomwe banja lanu lingathe kusenza pa sabata mu October kuchokera kumjigo, ndipo mbande zodzala zikhale zochuluka chomwecho. Ngati ndi zitatu, dzalani zitatu, mwana aliyense mumupatse wake woti aziuthirira.